Miyezi Itatu Isanathe (Gawo Loyamba)

Fungo la mphira wopserera linayamba atangokhota pa Dowa Turn-off. Yamikani anayesa kuti ndi anyamata owotcha matayala m'mbali mwa msewu, koma fungolo linkatulukira m'timabowo ta eyakoni, pamodzi ndi mpweya wofunda umene unalowa m'malo mwa kamphepo kozizira kamene kanawaperekeza kuchokera ku Lumbadzi. Anakanikiza batani, kanyali kobiriwira kanazima. Anakanikizanso, kanayaka n'kuyamba kuphethira.

Kumbuyo kunali alendo awiri amene anawatenga pa bwalo la ndege la Kamuzu, mayi wachizungu ndi mnyamata wa ku Kenya wa zikwama za makamera, obwera kudzakonzekera chikondwerero cha Tumaini. Mtengo anagwirizana wabwino chifukwa cha chinthu chimodzi chokha. Pa foni anafunsa mobwereza ngati galimotoyo ili ndi eyakoni, poti zida zawo sizigwirizana ndi fumbi ndipo safuna kutsegula mawindo. Okutobala wa 2024 ankawotcha ngakhale kumapiri a Dowa, kumene anthu anazolowera kugona ndi juzi.

Mayi uja anafunsa ngati zonse zili bwino. Yamikani asanayankhe, pansi pa boneti panamveka kulira kosongoka, kenako phwaa! Chinachake chinakwapula chitsulo n'kukhala chete. Kanyali ka batire kanayaka. Atayenda pang'ono, kanayakanso kofiira kosonyeza kuti injini yatentha. Anapatukira kumbali n'kuzimitsa.

Lamba anali atang'ambika, ulusi wake uli lendelende. Pa injini ya Sienta yakaleyo, lamba mmodzi yemweyo ndi amene amazungulitsa alitaneta, pampu ya madzi ndi kompuresa ya eyakoni. Kompuresa ikauma n'kugwira, lamba amakhuluzika pa pule mpaka kupsa, ndipo akaduka madzi amaleka kuzungulira mu injini. Amene amati eyakoni ndi manyado sanayendetsepo galimoto yodzaza anthu m'nyengo ya mvula kulowera ku Dowa boma kapena kukwera ku Ntchisi, nkhungu itatsika, galasi lakutsogolo litachita thukuta ndi mpweya wa okwera. Pamenepo eyakoni ndiyo imaumitsa galasi kuti woyendetsa aone phompho. Ndipo wa ukwati kapena mlendo wa ku bungwe sabwereka galimoto yoti afike atayera ndi fumbi.

Alendo aja anadikira mphindi zochepa, kenako anaimitsa galimoto ina yopita kukampu ya othawa kwawo ya Dzaleka. Anamupatsa theka la ndalama, mwaulemu ndithu, koma anamuuza kuti pa masiku a chikondwerero apeza wina.

Yamikani anakhala pa mwala, foni ili m'manja. Munthu woyamba kumuimbira anali kumudziwa, koma chala chinkakana.

Galimotoyo pa pepala inali ya Yamikani Phiri. Ndalama zonse, K13 miliyoni, zinachokera kwa Mama Furaha. Mayiyu anathawa ku Uvira, kum'mawa kwa Congo, ali ndi ana awiri, ndipo atakhala zaka zingapo ku Dzaleka anatuluka n'kukatsegula golosale ku Area 25 mu Lilongwe. Yamikani anadziwana nawo nthawi imeneyo, akuwanyamulira matumba a mpunga ndi zigubu za mafuta ophikira pa njinga yamoto ya kabaza. Mu Meyi 2023, boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku msasa, apolisi ndi asilikali anagwira anthu m'makomo ndi m'mashopu. Mama Furaha anagona ku ndende ya Maula, ndipo atafika ku Dzaleka anapeza msasa umene anaukonzera anthu pafupifupi 12,000 uli ndi anthu oposa 50,000. Katundu wa m'golosale sanamuonenso. Chaka chomwecho bungwe la WFP linadula thandizo la chakudya ndi theka.

Anayambiranso pansi: chapati ndi nyemba pa msika wa Lachiwiri umene a kukampu amautcha Mardi Marché, chipereganyu ndi amayi a ku tchalitchi, komanso ndalama zimene mng'ono wawo wa ku Canada ankatumiza. Zitakwana, anaitana Yamikani ku nyumba yawo ya zidina ku Kawale 2, mkati mwa kampu.

"Mwanangu, ine shopu ayi. Shopu amatseka ndi loko wawo. Ndikufuna chinthu choyenda. Koma dzina langa lisaoneke paliponse."

Mantha awo anali ndi maziko. Malawi itavomera pangano la 1951 loteteza othawa kwawo, inakana kumangidwa ndi ndime zina, kuphatikizapo za katundu, za ntchito ndi za ufulu woyenda. Munthu wa kukampu safika ngakhale ku Lilongwe popanda kalata ya chilolezo. N'chifukwa chake kuzungulira Dzaleka kuli malonda ambiri oyenda ndi maina awiri, la pa pepala ndi la mwini ndalama, ndipo chimene chimawagwirizanitsa ndi kukhulupirirana basi. Palibe khoti limene lingamve mlandu wake popanda wina kupsa.

Pogula galimotoyo anathandiza ndi aBanda, malume ake a Yamikani, mlongo wa mayi ake. Iwo ndi amene analera Yamikani bambo ake atamwalira, ndi amenenso anali ankhoswe pa ukwati wake. Ankakhala ku Mchesi ndipo ankadya za udobadoba, kuthamangitsira anthu mapepala ku Road Traffic ndi kulumikiza ogula ndi ogulitsa. Anapeza Sienta yasiliva pa yadi ina ya magalimoto ochokera ku Japan kufupi ndi Biwi, yongolowa kumene kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Analipira pa 12 Ogasiti. Galimotoyo inagona kwa aBanda mpaka Lachisanu la sabata imeneyo, akuthamangitsa nambala, inshuwalansi ndi COF. Bulubuku anati litsatira, makina a ku Road Traffic akuvutavuta.

Pamapeto pake Yamikani anaimba.

"Mama, galimoto yafa. Ndili cha kuno ku Turn-off."

"Mungu wangu. Iwe uli bwino? Alendo ali bwino?"

"Tonse tili bwino."

"Basi. Khala pomwepo, ndikutumizira fundi."

Papa Amisi anafika dzuwa litapendeka, atakwera kabaza, chikwama cha masipanala pamiyendo. Anali bambo wa imvi wa ku Bukavu, amene kukampu konse ankamudziwa pa mafiriji a ogulitsa zakumwa, koma ku Congo anagwirapo pa galaja zaka zambiri. Anapisa dzanja pansi pa injini, nayesa kupotokola pule ya kompuresa. Siinasunthe.

"Yagwira. Ndipo klachi yake yapsa n'kumatirira, ndiye ngakhale uzimitse eyakoni, pule siizungulira. Ukanayenda makilomita ena awiri, bwenzi tikukamba za injini."

Anatulutsa lamba wamfupi amene anabwera naye, n'kumukoleka modumpha kompuresa, kuti azungulitse alitaneta ndi pampu ya madzi zokha. Anathira madzi mu radiyeta, nayang'anitsitsa ngati mukutuluka thovu. Munalibe. Galimoto inalira, ndipo analowa mu Dzaleka mdima utagwa, mawindo ali otsegula.

Usiku umenewo Mama Furaha anatulutsa envulopu m'sutikesi. Munali lisiti ndi pepala la waranti, lodindidwa chidindo cha yadi ija. Anawerengera pa zala: Ogasiti 12, Seputembala 12, Okutobala 12. Miyezi itatu inali isanakwane. Makilomita 5,000 analinso asanakwane, chifukwa masiku ambiri mwezi umenewo galimoto inkagona pa mzere wa petulo m'malo moyenda. Pa dashibodi, kuchotsera pamene anaigulira, panali 4,310.

"Mawa upite," anatero Mama. "Ine sindingapite. Iwe ndiwe pakamwa panga."

M'mawa mwake, pa yadi paja panali magalimoto ondanda onyezimira, anyamata akuwapukuta fumbi. Manijala anali munthu wamtali wa shati yoyera, amene tsiku logula anamutcha Yamikani "bwana wanga" mpaka kumutsegulira chitseko. Lero anamusiya pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu.

"Eya, achimwene, tikuthandizeni chiyani?"

Yamikani anafotokoza zonse mwadongosolo, n'kuika pepala pa tebulo. Manijala sanaligwire n'komwe. Analoza ndi cholembera mzere wina wa zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi.

"Mwawerenga apa? Injini ndi giyabokosi basi. Eyakoni si injini."

"Bwana, chinthucho chinamangidwa pa injini, chimazungulira ndi lamba wa injini. Chitagwira, injini inatentha. Komanso tsiku lija munayatsa eyakoni nokha, n'kundiuza kuti ndiike dzanja ndimve kuzizira. Pa galasi munalemba kuti ili ndi eyakoni. Mtengo unakwera chifukwa cha chomwecho."

"Inkazizira tsiku limenelo?"

"Inkazizira."

"Ndiye tinakunamizani pati? Galimoto iyi ndi ya 2010, achimwene. Ku Japan kwenikweniko anthu atopa nayo. Mukufuna tikupatseni yatsopano pa mtengo wa yakale?"

Apa manijala anali ndi mfundo, ndipo Yamikani anaidziwa. Waranti ya galimoto zakale kuno ndi lonjezo la wogulitsa yekha, osati la Toyota, ndipo wogulitsa amalemba mmene akufunira. Koma pepala la wogulitsa silifafaniza lamulo la dziko. Kuyambira 2003 Malawi ili ndi lamulo loteteza ogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wosagwira ntchito imene anamugulira. Yamikani anamva zimenezi pa wailesi, ndipo anabwera atazisunga ngati mpeni wa m'thumba.

Manijala anaimirira. "Tiyeni tikaione."

Anatsegula boneti, nawerama, n'kuseka pang'ono.

"Lamba uyu waika ndani?"

"Makaniko wa kwathu, kuti ndichoke pamsewu."

"Mzere wachitatu pa pepala lanu lomwelo. Galimoto ikagwiridwa ndi makaniko wina, waranti yatha. Ngakhale ya injini imene munali nayo ija, mwaitaya nokha dzulo."

"Ndiye ndikanagona pamsewu? Ndinakuimbirani, foni yanu siinkayankhidwa. Onani apa." Anamuonetsa foni. "Ngati zili choncho, bwana, ine ndipita ku CFTC. Akamve okha ngati kusintha lamba woduka ndi kuphwanya pangano."

Anyamata opukuta magalimoto anasiya ntchito. Manijala anatseka boneti pang'onopang'ono, namugwira Yamikani pa phewa, n'kupita naye kuseri kwa kontena imene inali ofesi yawo. Mawu anatsika.

"Achimwene, tiyeni tikambe ngati amuna. Munthu wa kabaza K13 miliyoni anaitenga kuti? Ndalama zija zinabwera m'kachikwama ka chitenje, zina zili madola. Galimoto imagona ku Dzaleka. Ife sitinafunse, chifukwa malonda safunsa. Koma kumene mukupitako amafunsa. Akayamba kufunsa, mwini wake weniweni mumuyankhira inu?"

Yamikani anamva m'mimba kutentha. Ichi n'chimene chimapweteka pa nkhani zoterezi: munthu amene lamulo lamutsekera kunja kwa umwini limamutsekeranso kunja kwa chitetezo, ndipo aliyense wochita naye malonda amadziwa pofinya.

"Mukundiopseza, bwana?"

"Ndikukulangizani. Koma kuti musandione ngati wakuba, taonani ichi."

Anatulutsa foni yake, nafufuza zithunzi mpaka kufika pa 12 Ogasiti. Panali Sienta ija, nambala ya chesisi ikuoneka bwinobwino, kenako zithunzi za mu injini. Anakulitsa chimodzi ndi zala.

"Galimoto iliyonse isanatuluke pano timaijambula, ndipo zida zimene anthu amakonda kusinthanitsa timazidontheza utoto wachikasu: alitaneta, sitata, kompuresa, makoilo. Tinaphunzira. Anthu amatenga galimoto, kukachotsa chida chabwino, kuikamo chakufa, n'kubwera kudzalira waranti. Iyi ndi kompuresa imene inatuluka pano, ya Denso, utoto uwu apa, pa bawuti wam'mwamba. Alitaneta yanu utoto ulipo, ndauona. Pa kompuresa sindinauone. Pitani mukaitsitse. Mukaupeza, bwerani nayo, ndikupatsani ina ndi ndalama za m'thumba mwanga, waranti kaya palibe waranti. Mukapanda kuupeza, mukafunse kwanu komweko."

Anamutumizira chithunzicho pa WhatsApp, n'kubwerera mu ofesi.

Yamikani anaima pa Kanengo kuti amwe madzi, n'kuimbira malume ake. Anayankha mochedwa, kumbuyo kukumveka phokoso la bawo.

"Mphwanga, zili bwanji?"

Anawafotokozera za lamba, za pepala, za CFTC. Za chithunzi anali asanafikepo pamene aBanda anamudula.

"Iwe, zisiye zimenezo. Ku maofesi usapiteko. Walira mvula walira matope. Ukakadzutsa anthu a boma, mayi uja amulanda galimoto, iwe akutsekera. Kompuresa ndi chiyani? Ndikupezera ina ku Biwi, yotchipa."

"Malume, nanga bulubuku lija? Akandifunsa umboni woti galimoto ndi yanga ndionetsa chiyani?"

Panadutsa kanthawi.

"Likubwera. Sabata ya mawa. Koma tamvera, mphwanga, pa malamulo galimotoyo ndi yako. Mayi uja alibe pogwira. Uziganiza za mwana wako Tadala, osamangothamangira anthu obwera."

"Malume, Mama anandikhulupirira."

"Chikhulupiriro sichidyedwa. Ndiimbanso."

Foni inaduka. Yamikani anayendetsa ulendo wonse wobwerera mawu amenewo akumuzungulira m'mutu. Malume ake sanayambe alankhulapo choncho za Mama Furaha. Tsiku logula galimoto ankawatcha "mayi athu", mpaka anadya chapati kwawo.

Bwalo la Papa Amisi linali kuseri kwa nyumba yake, lotchingidwa ndi malata akale ndi zitseko za mafiriji akufa. Analowetsa galimoto chobwerera, n'kukweza kutsogolo ndi jeke, kuika zidina pansi. Mama Furaha anabwera ndi mpando wawo, nakhala pafupi ndi khomo, manja ali pachifuwa. Mwana wawo wamng'ono, Baraka, ankaunikira ndi tochi ya foni.

"Gasi mulibemo ndi pang'ono pomwe," anatero fundi atalumikiza mageji ake. "Wathawira pa silo ya kutsogolo itapsa. Galimoto iyi imafuna R134a, zalembedwa apa pansi pa boneti. Ndipo gasi sayenda yekha, amayenda ndi mafuta ake amene amafewetsa mkati mwa kompuresa. Woika kompuresa akaiwala mafuta, kapena akapanda kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi asanathire gasi, chinthucho chimazizira bwinobwino masabata angapo uku chikudzidya mkati."

Anamasula mapaipi awiri ndi mabawuti, natulutsa kompuresa, n'kuipendeketsa pa mbale yoyera. Munatuluka timafuta tochepa takuda bii, tonyezimira ngati mchenga wa m'dambo padzuwa.

"Mwaona, Mama? Izi ndi zitsulo zoperesedwa. Zalowa paliponse. Tikangoika kompuresa ina, nayonso ifa mwezi usanathe. Pafunika kondensa ina, kasefa kake, valavu, ndi kutsuka mapaipi onse. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, zida zimenezi mitengo yake simungaikonde."

"Zingakwane zingati?"

"Sizitsika K700,000."

Mama Furaha sanayankhe. Anangoyang'ana galimoto imene inali isanabweze ngakhale gawo laling'ono la ndalama zawo.

Yamikani anaonetsa fundi chithunzi chija. Papa Amisi anatenga nsanza, naiviika mu petulo, n'kuyamba kupukuta kompuresa mbali zonse. Anapukuta bawuti wam'mwamba, anapukuta thupi lonse. Utoto wachikasu panalibe. Kachizindikiro ka kampani kanali kopalidwa ndi mpeni.

Kenako dzanja lake linaima. Anauza Baraka kuti abweretse tochi pafupi. Pansi pa kompuresa, pafupi ndi polowera waya, panali timadontho titatu tokhomedwa ndi msomali, ndi chilembo A.

Fundi anakhala pansi pa dothi. Anavula magalasi, nawapukuta ndi shati, n'kuwavalanso.

"Papa Amisi, kuna nini?" anafunsa Mama.

"Chizindikiro ichi ndi changa."

Onse anakhala chete.

"Chilichonse chimene chadutsa m'manja mwanga ndimachikhoma chonchi, kuti munthu asadzabwere ndi chinthu cha wina n'kumati ndinakonza ine. Dzulo pamsewu sindinachione, kunali kukuda ndipo chili pansi. Kompuresa iyi ndikuidziwa. Anabwera nayo bambo wina m'thumba la saka, Mmalawi, wachikulire, wovala jekete. Anati yachokera pa Sienta ya ngozi. Nditaitsegula ndinamuuza kuti mkati yatha, ndi yotaya. Iye anati ayi, ingokonzani klachi kuti izigwira, ndi yongoonetsera pa galimoto yogulitsa. Ndinamuuza kuti siidutsa miyezi iwiri kapena itatu. Anati imeneyo ndi yokwanira."

"Ndiye munakonza?" Mawu a Mama ananjenjemera.

"Ndinakonza, Mama. Sabata imeneyo kunyumba kunalibe ufa. Ndinadziuza kuti galimotoyo ipita kutali, kwa munthu amene sindidzamuona. Nisamehe."

Mama Furaha anatembenuza nkhope. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamulemera fundi kuposa kutukwanidwa.

"Dzina lake?" anafunsa Yamikani.

"Sanandiuze. Ndinamufunsa chifukwa chimene wasiyira amakaniko onse a ku Lilongwe n'kubwera kuno. Anati ku Biwi kuli maso ambiri. Koma nambala anasiya, kuti ndimuimbire ikatha."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kope la sukulu lothimbirira ndi girisi. Ananyowetsa chala, natsegula masamba mobwerera: Okutobala, Seputembala, Ogasiti. Anaima pa tsamba lina n'kuloza. Panalembedwa 14 Ogasiti, kompuresa ya Sienta, klachi, ndalama zimene analandira, ndi nambala ya foni.

Pa 14 Ogasiti. Yamikani anawerengera mumtima. Analipira Lolemba pa 12. Galimoto anailandira Lachisanu pa 16.

"Tawerengani nambalayo, Papa."

Fundi anawerenga pang'onopang'ono, Yamikani akulemba pa foni. Asanamalize manambala atatu omaliza, foni inamalizitsa yokha, n'kutulutsa dzina limene linasungidwamo kalekale. Baraka, amene anali pa phewa pake, analiwerenga mokweza asanadziwe chimene akuchita.

"Malume."

Mama Furaha anaimirira. Anamuyang'ana Yamikani nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka kumapazi, ngati munthu amene akumuona koyamba.

"Mwanangu, ndiuze zoona pamaso pa Mulungu. Iwe unkadziwa?"

"Mama, ndikulumbira pa manda a bambo anga. Sindinkadziwa."

"Ndiye aimbire. Pompano. Uike pokweza, tonse timve."

Chala chinanjenjemera, koma anakanikiza. Foni inangoitana kamodzi. ABanda anayankha ngati munthu amene anali ataigwira kale m'manja, mawu ali a phuma, akunong'ona.

"Yami, ndimati ndikuimbire. Galimoto ili kuti?"

"Malume, kompuresa ya galimoto ino munapita nayo kuti?"

"Zisiye za kompuresa, mwana iwe! Galimoto ili kuti? Usapite nayo kunyumba kwako, anafikako kale, amake Tadala awauza kuti uli kukampu. Ibise. Chotsa manambala, ifunditse chilichonse."

"Ndani anafikako?"

Kumbali inayo kunamveka kupuma kolemera.

"Ndinakongola katapila, mphwanga. Ndinkati ndibweza mwezi usanathe. Bulubuku lili kwa iwowo, ndi kalata yosainidwa m'dzina lako. Tsiku lomaliza linali dzulo."

"M'dzina langa? Ndinasaina liti ine?"

Foni inaduka.

Palibe amene anapeza mpata wolankhula. Kunja kwa mpanda kunamveka njinga zamoto ziwiri zikubwera mwapang'onopang'ono m'kanjira kopanikiza ka Kawale 2, zikuima pa khomo lililonse. Magetsi ake analowa m'mipata ya malata n'kugwera pa Sienta, imene inali pa zidina, tayala limodzi litachotsedwa. Injini zinazima. Wina anagogoda chitseko cha lata ndi chinthu cholimba.

"Odi kuno kwa afundi! Tikufuna a Yamikani Phiri. Atiuza kuti Sienta yathu ili muno."

(Ipitirira)